Mota Yonjenjemera

Thambani,
9 Malichi 1992.

Mwana wanga Horacio,

Ndine bambo ako Osorio. Mawu ndi anga koma dzanja ndi la mlongo wako Nilda, choncho zilembo zikapindika usanene ine. Tikupatsa moni tonse awiri. Kuno tilipo, kungoti mvula chaka chino yatinamiza. Chimanga chauma chisanamasule, ndipo eni dziko amene ankatiseka tikakhala pa mzere wa ufa wa othawa nkhondo, tsopano akufunsa kuti khadi lake munthu amalipeza bwanji. Kaya iwe ku Limbeko uli bwanji? Nanga bwana wako a Abbas? Akukuitanabe Laston? Dzina limenelo pakamwa panga limakana kukhala, koma ndikudziwa kuti ndi limene likukudyetsa, ndiye ndangolisiya.

Nkhani yanga ndi iyi. Chitopa chinasesa nkhuku zachikuda mudzi wonse uno. Zatsala za Mikolongwe, zimene kuikira zimaikira bwino koma kufungatira mazira sizidziwa, zimangoyenda ngati madona. Ine kukhala pansi kudikira ufa kwanditopetsa. Munthu amene anayendetsa magetsi a mgodi ku Moatize sangathere moyo wake pa kuwerenga mbuzi za eni ake. Ndiye ndakhoma bokosi loswera mazira. Pansi pake pali nyali ya parafini, pamwamba thireyi ya mazira. Kutentha ndakupeza. Chatsala ndi chakuti dzira limafuna kutembenuzidwa, apo ayi mwanapiye amamatirira ku chigoba. Ndinayesa ndi manja, ndaswa angapo.

Unandiuza tsiku lina kuti m'makina osindikizira amene umakonzawo muli timota toyenda pang'onopang'ono, phazi limodzi kenako lina, ngati bilimankhwe. Undipezere imodzi yoti izipendeketsa thireyi uku ndi uku. A Lukman a sitolo andibwereka batire la galimoto, ati azikanditchajira ku boma akamapita kukaoda katundu. Koma motayo ubwere nayo wekha udzailumikize, filho, mwana wanga. Ife tinazolowera mota zazikulu ngati ng'ombe, tanu ta makonoti sinditidziwa.

Ndine bambo ako,
Osorio.

Mano Horacio, achimwene anga, izi ndikulemba kuseri kwa pepala ndili m'sitolo ya a Lukman, bambo sakudziwa. Maso awo akutha. Mazira aja sanasweke chifukwa cha manja, ankaphonya thireyi. Akuti amaona ngati munthu wosuzumira mu nsungwi, pakati pokha, m'mbali monse mdima. Munthu akalowa amatembenuza mutu wonse kuti apeze nkhope yake. Inu anakuonani komaliza pa maliro a mayi, ndipo zaka zapitapo zinayi. Bwerani akuoneni maso akadalipo.

Nilda.

*

Limbe,
28 Malichi 1992.

Okondedwa Bambo,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndasangalala kuti mwapeza chochita. Ine ndili bwino. A Abbas akupereka moni, ati anapiye oyamba awiri ndi awo.

Mota ndapeza, ndachotsa mu pulinta ina yakufa. Mtundu umenewu timautcha sitepa. Simungaipatse moto kuchokera ku batire mwachindunji ngati fani, imafuna woiuza nthawi yoponda phazi. Ndiye ndakukonzerani kabolodi kake, kamene timati dalaivala, ngakhale laisensi kalibe. Zonse ndapatsira a Lukman m'katoni ya sopo. Ndinaziyesa kuno, zikuyenda bwinobwino.

Kalumikizidwe kake n'kosavuta, ngakhale Nilda angathe. Mkati mwa motayo muli makoyilo awiri, iliyonse ndi mawaya ake awiri, ndiye onse ndi anayi. Wofiira ndi wabuluu ndi a koyilo imodzi. Wobiriwira ndi wakuda ndi a inzake. Pa kabolodi pali timabowo tinayi tokhala ndi timabawuti, tiwiri ndalembapo A, tiwiri ndalembapo B. Wofiira ndi wabuluu alowe pa A, wobiriwira ndi wakuda alowe pa B, mumange timabawutito. Mukasakaniza, waya wa koyilo ina n'kukhala pamodzi ndi wa inzake, mota sizungulira, imangonjenjemera ndi kung'ung'udza. Ikayenda chobwerera musadandaule, mungosinthanitsa mawaya awiri a pa A okhawo.

Chachikulu ndi ichi, Bambo, ndipo Nilda awerenge kawiri. Musazule waya wa mota batire likadali lolumikiza. Koyilo imabweza moto, ndipo motowo umawotcha kachitsulo kakuda ka miyendo yambiri kali pakati pa kabolodiko. Timeneto n'tosowa, timachokera ku Joni. Choyamba muzichotsa batire, kenako mugwire mawaya.

Za kubwera, mundikhululukire. Mukudziwa kuti wothawa nkhondo saloledwa kugwira ntchito m'tauni muno. Kuno ndine Laston wa ku Neno, ndipo pa lodibuloko ya pa Zalewa wina akangomva lilime langa lakhota n'kuyamba mafunso, ntchito yathera pomwepo. Tidikire zinthu zizizire.

Mwana wanu,
Horacio.

Nilda, kapepala aka ndi kako wekha. Za masozo ndamva, koma usadzidzimuke nazo, ndi ukalamba chabe. A Abbas nawonso sawerenga popanda magalasi. Ndaika magalasi m'katonimo, ndawakulunga mu sokosi. Uwauze kuti ndi mphatso basi.

*

Thambani,
20 Epulo 1992.

Filho,

Moni. Katoni inafika, zikomo. Kamota kako n'kokongola, kolemera kuposa msinkhu wake. Magalasi nawo ndavala, anthu akuti ndikuoneka ngati mphunzitsi.

Koma dalaivala wakoyu ndi mota yake sakumvana. Ndalumikiza monga unanenera, ndaika batire, basi kamota kangoyamba kunjenjemera ngati kadwala malungo. Thireyi siikusuntha. Ndamasula, ndamanganso, nada, palibe chasintha. A Lukman anabwera kudzaonerera, anagwira kamotako n'kunena kuti tikapatse kwinini. Anthu a pamsika ayamba kale kundifunsa za anapiye, ena mwachipongwe.

Za pa Zalewa ndamva, ndipo sindingafune kuti uluze ntchito chifukwa cha mazira. Komabe a Lukman amadutsa pomwepo sabata ndi sabata, ati ukhoza kukhala kutsogolo ngati wothandiza kutsitsa katundu. Zinthu izi zimafuna mwini wake. Ukabwera Loweruka, Lamulungu wabwerera.

Bambo ako,
Osorio.

Mano, magalasi sanathandize. Amavala kuti inu musangalale basi. Ndinapita nawo ku chipatala cha pa boma. Adokotala akuti si ng'ala yoti angachotse, ndi mtsempha wa diso umene ukuuma, ndipo chimene chapita sichibwerera. Anatipatsa mankhwala odontheza oti achedwetse chabe. Ndinafunsa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji, anangoti amene akufuna kuonedwa asachedwe. Pobwerera, tili pafupi kufika, bambo anandifunsa ngati inu munayamba kusunga ndevu. Ine ndidziwa bwanji?

Nilda.

*

Limbe,
17 Meyi 1992.

Bambo,

Moni nonse. Pepani ndachedwa kuyankha, kuno tili bize kwambiri. Maofesi ambiri agula makompyuta ndipo mapulinta awo akungodwala.

Kunjenjemera kumeneko ndinakunena kale, ndi mawaya osakanizika. Palibe china. Ndajambula chithunzi chachikulu pa katoni, waya aliyense ndi choko cha mtundu wake, mpaka kabowo kake. Ndikudziwa kuti ku mgodi munali ndi njira zanu, koma ulendo uno tsatirani zanga, chonde. Ngati mitundu ikukuvutani, Nilda ali pomwepo, akusankhireni. Ndi ntchito yoti munthu amaliza tiyi asanazizire, si yoti mpaka ndikwerere lole.

Mwina mwezi wa Ogasiti ndingapeze mpata. Ndidzakuuzani.

Horacio.

Nilda, madokotala amakonda kuopseza. Uonetsetse kuti akudontheza mankhwalawo, akatha undiuze ndigule kuno. Ndipo ndevu ndili nazo, uwauze, ngati zimenezo n'zimene zikuwasowetsa tulo.

*

Thambani,
12 Julaye 1992.

Mano Horacio,

Moni. Lero ndikulemba ndekha, bambo akuti alibe mawu.

Chithunzi chanu chinafika ndipo anachikhoma pa khoma pamwamba pa bokosi. Ndinawapempha kuti ndiwasankhire mitundu monga munanenera, anandithamangitsa, ati za magetsi si za munthu wa manja onyowa. Mwezi wonse wa Juni nkhani inali yomweyo. Ndikakhalapo amamanga mawaya, kamota n'kunjenjemera, iwo n'kunena kuti, “Waona? Lembera mchimwene wako.” Ndinakana kulemba chifukwa ndinadziwa chimene muyankhe.

Tsopano zavuta. Lachinayi lapitali kabolodi kanatulutsa utsi. Waya wa mota anazuka batire lili pomwepo. Kachitsulo kakuda kaja katupa pamwamba ndipo kakununkha ngati sapato yopsa. Kuyambira tsiku limenelo kamota sikanjenjemeranso, kangoti zii.

Bambo sakudya bwino. Amakhala pa khonde kuyang'ana ku msewu. Diso lakumanzere latsekeratu, latsala lakumanja. Ogasiti uja alipobe?

Mlongo wanu,
Nilda.

*

Limbe,
26 Julaye 1992.

Bambo,

Ndamva zimene zachitika ndipo sindibisa, ndakhumudwa. Chinthu chimodzi chokha ndinakupemphani, ndinati Nilda awerenge kawiri. Kachitsulo kaja ndinachita kugwada kwa a Abbas kuti andipatse, kanali komaliza m'shelefu. Kabolodiko ndinakawotcherera ndekha pa nthawi yanga ya nkhomaliro, anzanga akudya. Inu mwakapsereza ngati chinangwa.

Vuto lanu ndi lakale lomwe lija. Simufuna kuuzidwa ndi mwana. Kuyambira ndili wamng'ono, waya aliyense amene ndinamanga munkamumasula kuti mumange nokha. Ngati maso sakuona mitundu, bwanji osangovomera n'kulola Nilda? Mawaya anayi okha, Bambo! Munthu amene munkayendetsa mgodi wonse!

China ndilibe chotumiza. Mazirawo muzitembenuza ndi manja, kapena mudikire nkhuku zachikuda zichulukenso. Za Ogasiti sizitheka, a Abbas akupita ku Lilongwe ndipo shopu akusiyira ine.

Horacio.

*

Thambani,
11 Okutobala 1992.

Mano,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinu wamkulu, koma mtima wanga sunafune. Miyezi yapitayi ndakhala chete dala. Kalata yanu ija ndinafuna kudumpha mizere ina, koma bambo anazindikira pa kapumidwe kanga n'kunena kuti ndiwerenge yonse. Ndinawerenga. Atamva za mawaya anayi okha anaseka pang'ono, anati, “Mwanayu akunena zoona.” Sanatchulenso za mota kufikira lero.

Mwamva kuti kwathu asainirana mtendere. Kuno anthu anavina pamsika mpaka fumbi, ena ayamba kale kumanga mitolo. Bambo anangofunsa kuti, “Ndiye kuti pa Zalewa sazifunsanso?” Funso limenelo ndi limene landimasula pakamwa. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, koma lumbiro limenelo ndalisenza mokwanira.

Tsiku la utsi lija ndinapita ku mjigo, ndinapeza wathyoka, ndinabwerera msanga. Nditafika pa khomo ndinamva kaphokoso kachilendo, osati kung'ung'udza kuja, koma tiki, tiki, tiki, mofatsa. Ndinasuzumira. Mano, thireyi imayenda. Imapendekera uku, n'kuima, n'kubwerera, bwinobwino monga munanenera. Bambo anali atakhala pa mpando, chala chili pa thireyi, akumwetulira okha. Ndowa yanga inagunda chitseko. Anadzidzimuka, n'kukoka mawaya onse kamodzi kuti ndisaone. Za batire anaiwala. Utsi unachokera pamenepo.

Ndinawafunsa, ndipo poti ndinali nditaona, anandiuza. Motayo anailumikiza bwino tsiku lomwe katoni inafika. Mitundu sankaiona, n'zoona, wofiira ndi wakuda kwa iwo ndi chimodzimodzi. Koma akuti koyilo ndi koyilo, kaya ya ku mgodi kaya ya mu pulinta. Ankagunditsa nsonga za mawaya awiri, n'kupotokola kachitsulo kozungulira ka pa mota ndi zala. Kakapepuka, ndiye kuti mawayawo si apachibale. Kakalimba, ndiye kuti ndi a koyilo imodzi. Awiri amenewo anawamanga ndi ulusi kuti aziwapeza popapasa. Ulusiwo ndinkauona tsiku ndi tsiku, ine n'kumayesa kuti ndi wongokongoletsa.

Ndiye ndikachoka ankalumikiza bwino n'kumamvera ntchito ya manja anu. Ndikabwera ankasakaniza dala, monga munalembera kuti ikasakanizika imanjenjemera. Munawaphunzitsa ndinu.

Ndinati, bwanji osangomuuza kuti bwera ndikuone? Anati, “Ndikatero abwera ndi mantha, ndipo akagwidwa panjira ndiye kuti ndamuphera ntchito ndi maso angawa. Koma mmisiri akaitanidwa ku ntchito yake imene yakanika, amabwera yekha, mwa ulemu wake.” Ankayesa kuti simungapirire kumva kuti chinthu chimene munapanga sichikuyenda. Anakuyesani molakwa, ndipo inenso ndinalakwa kusunga zimenezi miyezi yonseyi chifukwa cha mkwiyo.

Diso lakumanja latsala kabowo kochepa. M'mawa dzuwa likawala amatha kuona nkhope ngati munthu waima pafupi osasuntha. Ine ndanena, zotsala ndi zanu.

Nilda.

*

Limbe,
25 Okutobala 1992.

Nilda mlongo wanga,

Kalata yako ndinawerengera kuseri kwa shopu, ndipo ndinakhala komweko mpaka a Abbas anabwera kudzandifuna. Njira yogunditsa mawaya ija ndi imene ifenso timachita kuno mota ikabwera ndi mitundu yachilendo. Ndimaidziwa bwino. Unandiuza m'kalata yoyamba kuti maso akutha, ine n'kutumiza mitundu, kenako mitundu ina yaikulu. Manyazi andigwira.

Ndikubwera. Koma pambuyo pa mawu amene ndinalemba aja sindingafike chimanjamanja. Ndapempha a Abbas aike kachitsulo kaja pa oda yawo ya ku Joni, ati katundu afika pakati pa Novembala. Ndikonza kabolodi katsopano, ndibwera nako ndekha, tidzalumikize limodzi ine ndi bambo. Usawauze kaye, ndikufuna adzangondiona.

Horacio.

*

Thambani,
3 Novembala 1992.

Mano,

Siyani kachitsuloko. Sakufuna kabolodi. Kwerani lole ya a Lukman Loweruka lino.

Nilda.

*

Thambani,
28 Disembala 1992.

Mwana wanga Horacio,

Ndikhulupirira unafika bwino ku Limbe. Ine ndi Nilda tili bwino, mvula chaka chino yabwera ya nzeru. Upereke moni kwa a Abbas, uwathokoze pokulola masiku aja, ndipo uwauze kuti anapiye awo sindinaiwale.

Ndalemba kuti ndikuthokoze. Unabwera. Mawu ako akula, poyamba ndinayesa m'bale wa a Lukman. Ndevu ndinazigwira, n'zambiri, uzizichepetsa m'mbali. Mapewa ndi a agogo ako. Unalira kwambiri, filho, mpaka unandinyowetsa malaya, ndipo unapepesa kokwanira. Usapepesenso. Katundu wa ku Joni akachedwa si iwe wayendetsa sitima. Inenso masewera anga aja anali a chitsiru, ndinawotcha ntchito yabwino ya mwana wanga.

Tinagwira bwino ntchito tsiku lija. Iwe kugwira kabolodi, ine kupeza mawaya, palibe amene anamasula za mnzake. Manja ako ndi ofatsa pa bawuti, sukakamiza. Zimenezo sindinakuphunzitse ine.

Mota ikuyenda. Ndaika mazira, ndipo ndimakhala pafupi chala chili pa thireyi. Siinaphonyepo. Anthu a pamsika aleka chipongwe, ena akubweretsa mazira awo. Choncho usadere nkhawa za kuno. Chilichonse chili m'malo mwake, pronto, basi, ndilibenso choti ndikuvutitse nacho. Gwira ntchito.

Bambo ako,
Osorio.

Mano, muli kuno munandifunsa kuti maso awo anatheratu liti, ine sindinayankhe chifukwa bambo anali pomwepo. Linali sabata lomaliza la Novembala, inu musanafike. Anadzuka n'kundifunsa chifukwa chake kunja sikukucha, pamene dzuwa linali litafika kale pa khonde. Kalata yanga yaifupi ija mukuti inakupezani, koma munaganiza kuti masabata awiri si kanthu. Sindikunena kuti ndikupwetekeni. Munafunsa.

Chinsinsi chanu sindinasunge, ndinawauza kuti mukubwera. Loweruka lililonse ankasamba m'mamawa, kuvala magalasi anu aja, n'kukhala poyera pamene pali dzuwa kuti mukafika muime pomwepo.

Mutachoka anandiitana n'kuyamba mafunso. Kodi wada kapena tauni yamuyeretsa? Kachipsera ka pa chipumi kakuonekabe? Akamaseka amatseka diso limodzi ngati mayi ake? Ndinayankha zonse mmene ndikanathera. Pomaliza anati, “Ine ndikamuganiza ndimaona mnyamata wa pa maliro uja, wowonda, wopanda ndevu. Ameneyo ndi amene ndikhale naye.”

Kuyambira pamene makina anayamba kuyenda, salankhulanso za kulemba kalata. Iyi ndachita kuwakakamiza.

Nilda.

*

Limbe,
10 Januwale 1993.

Nilda,

Gawo loyambali ndi lako. Pa Zalewa, popita ndi pobwera pomwe, palibe anandifunsa dzina. Wapolisi anasuzumira m'lole, anaona matumba a mchere, n'kutiuza kuti tizipita. Zaka zonsezi ndimaopa chinthu chimene sichinandiyang'ane n'komwe. Mwina kale akanafunsa, sindidziwa, chifukwa sindinayesepo. Ndikakhala pa benchi ndikugwira pulinta ya munthu, ndimangoona bambo atakhala padzuwa ndi magalasi opanda ntchito aja. Ndinali ndi miyezi yonse ija, ine n'kumajambula mawaya ndi choko. Zikundipweteka, mlongo wanga, ndipo ndikudziwa kuti palibe chimene ndingalumikize kuti zibwerere.

Tsopano uwawerengere izi mokweza.

Bambo, moni. Ndasangalala kuti mota ikuyenda. Koma pali chimene chikundidetsa nkhawa. Ndikakumbukira bwino, kabawuti kachiwiri ka pa B sindinakamange mokwanira. Timabawuti ta mtundu umenewu timakhwefuka tokha thireyi ikamayenda, ndipo timafuna kuonedwa mwezi ndi mwezi ndi amene anapanga kabolodiko. Musakagwire, ndipo Nilda asakagwire. Ndalankhula kale ndi a Abbas ndi a Lukman. Ndibwera Loweruka lomaliza la mwezi uno kudzakamanga, ndiponso mwezi wamawa kudzaona ngati kagwira.

Mwana wanu,
Horacio.

*

Thambani,
18 Januwale 1993.

Filho,

Ndapapasa pa B paja. Ukunena zoona, kakhwefuka. Ntchito ya mmisiri wa m'tauni imeneyo? Bwera udzakonze.

Bambo ako,
Osorio.

Mano, kabawutiko kanali kolimba, ndinawaona akukamasula okha ndi nsonga ya mpeni. Mazira ndizitembenuza ndi manja mpaka mufike. Ulendo uno anayamba achotsa kaye batire.

Nilda.